Njinga yopalasa mutatsamira: kodi ingathe zitunda za ku Dedza?

Ngati muli ndi m'bale ku Joni kapena ku Cape Town, mwina chithunzichi chakufikani kale pa WhatsApp. Munthu wakhala pampando wa chotsamira, miyendo waitambasulira kutsogolo ngati akuwothera dzuwa pakhonde, koma kunsi kwake kuli matayala ndipo ali pa liwiro mumsewu. M'munsi mwa chithunzicho muli mawu akuti: "Iyi ndiye ingawathandize bambo vuto la msana lija. Ndigule nditumize?"

Musafulumire kuvomera, komanso musaseke. Njingayi si choseweretsa. Pachingerezi amaitcha recumbent, ndipo poti kwathu kuno ilibe dzina, m'nkhani ino tiziti njinga yotsamira. Ili ndi ubwino weniweni umene a mafizo kuchipatala amaudziwa. Koma ndalama zoigulira ndi kuitumizira kuno ndi zomwe zija zikanagula feteleza wa kachewere kapena kulipira fizi ya mwana, ndipo m'bale wanuyo wazipeza movutikira. Ndiye tiyeni tione bwinobwino: ikafika ku Bembeke, ku Mayani kapena ku Lobi, kodi ikagwira ntchito, kapena ikangokhala m'nyumba yosungira matumba nkhuku n'kumaikirapo mazira?

Pa njinga yomwe tinazolowera, munthu amakhala pachishalo, mapedulo ali pansi pake, n'kuwerama kuti agwire mahandulo. Pa yotsamira, mapedulo ali kutsogolo, thupi lonse kuyambira m'matako mpaka m'mapewa lili pampando, ndipo mahandulo ali pachifuwa kapena m'mbali mwa mpando. Ina imakhala ya matayala awiri, ina ya matayala atatu. Palinso ina yosayenda n'komwe, yomwe amangoikhazika m'chipinda kuti munthu azipalasa pochita masewero olimbitsa thupi. Musaisokoneze ndi ambulansi ya njinga ija timanyamulira odwala m'midzi. Pamene paja wogonayo amakokedwa ndi mnzake, pomwe apa wotsamirayo ndi yemwe akupalasa.

Si yachilendo monga ikuonekera

Njinga zotere zinalipo kale agogo athu asanabadwe. Pa 7 July 1933, mumzinda wa Paris ku France, Francis Faure anapalasa njinga yotsamira yopangidwa ndi Charles Mochet mtunda wa makilomita 45.055 pa ola limodzi. Anaposa makilomita 44.247 omwe katswiri wina, Oscar Egg, anayenda mu 1914, ndipo kwa zaka zonsezo panalibe yemwe anamuposa. Faure sanali m'gulu la akatswiri otchuka kwambiri, choncho anthu anadziwa kuti chinsinsi chagona pa njingayo. Mu 1934 bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse la UCI linakhwimitsa malamulo ake, njinga zotsamira n'kuletsedwa pa mipikisano yake. Ambiri amati chimenechi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe makampani akuluakulu sanazipange zochuluka, ndipo mpaka lero n'zosowa komanso zokwera mtengo.

Liwiro lake limachokera pa nkhani ya mphepo. Mukamathamanga pa njinga pamalo athyathyathya, mphamvu zanu zambiri zimathera polimbana ndi mpweya womwe ukukuwombani pachifuwa. Mukawonjezera liwiro kawiri, kukankha kwa mpweyawo kumakula kanayi. Munthu wotsamira amaboola mpweya ndi mapazi, chifuwa chili chogona, choncho mphepo imapeza pogwira pochepa. Mu 2016, ku Battle Mountain m'dziko la America, Todd Reichert wa ku Canada anathamanga makilomita 144 pa ola pa njinga yotsamira yokutidwa ndi chigoba chosalala ngati dzira. Injini panalibe, koma miyendo yake basi.

Nkhaniyi ndi yokoma, koma onetsetsani kuti zonsezi zinachitikira pamalo osalala, opanda chitunda, opanda thumba la chimanga kumbuyo. Tibwereranso pamenepa.

Zomwe imachitira thupi

Funsani wakabaza aliyense pa Dedza boma kapena pa Chimbiya kuti akaweruka madzulo amamva kupweteka pati. Akuuzani malo anayi: m'chiuno, m'khosi, m'manja ndi pokhalira. Lachinayilo ambiri amalitchula monong'ona.

Chishalo ndi chaching'ono, ndipo thupi lonse limatsamira pa kamalo kosakwana chikhatho. Chikakhala chabwino, kulemerako kumagwera pa mafupa awiri a m'matako omwe timakhalira. Chikakhala chopapatiza, chotha, kapena mphuno yake ikaloza m'mwamba, chimadinikiza pakati pa malo obisika ndi kotulukira chimbudzi. Pamenepa pamadutsa mitsempha ya magazi komanso mitsempha yomwe imachititsa kuti munthu azimva kukhudza kumalo obisika. Ikapanikizika nthawi yaitali, malowo amachita dzanzi. Izi zimachitikira abambo ndi amayi omwe, ndipo abambo ena omwe amakhala pachishalo maola ambiri tsiku ndi tsiku amadandaula za kuchepa mphamvu m'banja. M'manja namo muli mtsempha wodutsa m'mbali mwa chikhatho womwe ukapanikizika pa handulo, chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho zimachita dzanzi. Khosi limatopa chifukwa thupi lawerama koma mutu wadzuka kuti uone njira.

Njinga yotsamira imachotsa mavuto ambiri mwa amenewa nthawi imodzi. Kulemera kwa thupi kumagawika pamsana ponse ndi m'matako, pakati pa miyendo sipadinikizidwa, manja amangowongolera osanyamula thupi, ndipo maso amaona kutsogolo khosi lisanapindike. Apa palibe kukokomeza. N'chifukwa chake m'zipinda zochitira mafizo mumapezeka njinga yosayenda ya mtundu umenewu. Munthu wokalamba, wonenepa kwambiri, kapena yemwe akuchira ku sitiroko amatha kukhalapo mosavuta osaopa kugwa, n'kumalimbitsa mtima ndi miyendo.

Pa ngozi napo ili ndi mbali yabwino. Wopalasa amakhala pafupi ndi nthaka, ndiye akagwa sagwa kuchokera patali. Mukamanga mwadzidzidzi buleki ya kutsogolo pa njinga wamba pamtsetse, mukhoza kuuluka pamwamba pa mahandulo n'kufikira mutu. Pa yotsamira zimenezi sizichitika kawirikawiri, ndipo mukagunda chinthu amayamba kufika ndi mapazi.

Koma pali chenjezo limodzi lomwe ogulitsa satchula. Si msana uliwonse womwe umakondwera ndi kutsamira. Anthu ena msana wawo umapweteka kwambiri akakhala pampando nthawi yaitali, n'kumapezako bwino akaimirira kapena akamayenda. Munthu wotere akhoza kutaya ndalama zake, ululu n'kuwonjezeka. Mawondo nawonso ali pa chiopsezo. Popeza msana uli ndi pokankhira, munthu amatha kuponda pedulo ndi mphamvu yopitirira muyezo, makamaka akasankha magiya olemera, ndipo bondo ndi lomwe limalipira.

Tsopano tikwere chitunda

Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imafika mamita 2,198. Aliyense wapanjinga kuno amadziwa tanthauzo la manambala amenewa ngakhale sanawawerengepo: ukatsika, dziwa kuti ukweranso. Ulendo wa ku msika, wa ku chigayo, wa ku sikelo ya mwana, uliwonse uli ndi chitunda chake. Nanga wotsika msewu wa Khwekhwelere kupita ku Golomoti ndi Mtakataka, pobwerera amatani?

Pachitunda, mdani wanu si mphepo ayi. Liwiro limakhala lochepa moti mpweya sukuvutitsani. Mdani ndi kulemera kwanu, kwa njinga ndi kwa katundu. Choncho mwayi uja unamuthandiza Faure ku Paris umatheratu, n'kutsala zovuta zokhazokha.

Taganizirani zomwe mumachita chitunda chikakula. Mumadzuka pachishalo, n'kuponda pedulo ndi thupi lonse, uku mukugwedeza njinga uku ndi uku. Pa yotsamira simungaimirire. Chomwe mungachite n'kusankha magiya opepuka n'kumapalasa mofulumira, njinga ikuyenda pang'onopang'ono ngati kamba. Ndiye pamabuka vuto lina. Njinga ya matayala awiri ikamayenda pang'onopang'ono imafuna kugwa, ndipo munthu woima kapena wokhala mowongoka amaibweza pogwiritsa ntchito thupi lake. Wotsamira thupi lake lili pampando, sangalisunthe kwambiri, ndiye njinga imayamba kupepeluka. Mukaima pakati pa chitunda, kuyambanso ndi nkhondo, chifukwa phazi liyenera kuchoka pansi n'kukafika pa pedulo yomwe ili m'mwamba kutsogolo njinga isanagwe.

Mwina mukuti, "Si vuto, nditsika n'kukankha, monga timachitira masiku onse." Inde, kukankha njinga pachitunda ndi theka la ulendo kuno kwathu, ndipo palibe amachita nako manyazi. Koma njinga wamba ili ndi mahandulo ndi chishalo pa msinkhu wa m'chiuno, moti mumaitsamira ngati ndodo. Yotsamira ndi yaifupi, ina imalekeza m'mawondo. Kuti muikankhe muyenera kuwerama. Munthu uja anaigula pothawa kupweteka kwa msana ndi uyo akukwera chitunda atapinda msana womwewo.

Ya matayala atatu imathetsa vuto la kupepeluka. Mukhoza kuima pakati pa chitunda, kumanga buleki, kupuma, n'kuyambanso osatsika. Kwa wokalamba kapena wofooka mbali imodzi ya thupi, umenewu ndi mwayi waukulu. Koma ndi yolemera, ndi yotambalala, ndipo matayala ake amaponda mizere itatu. Tinjira tathu tambiri ta pakati pa minda ndi ta mzere umodzi, tokwana phazi ndi tayala limodzi. Pa kaulalo ka mitengo iwiri ka kudimba, muyenera kuinyamula.

Msewu, katundu ndi makanika

Pamsewu wa fumbi wokumbika ndi madzi a mvula, wapanjinga wozolowera amadzuka pang'ono pachishalo akaona dzenje, mawondo n'kulandira kugundako. Pa yotsamira, dzenje lililonse limafika pamsana mwachindunji, pokhapokha njingayo ikhale ndi masipuling'i, zomwe zimakwezanso mtengo. Zambiri zimakhala ndi tayala laling'ono kutsogolo, ndipo tayala laling'ono limatitimira msanga mumchenga ndi m'matope komanso limakodwa pa miyala. Mvula ikagwa imagwera pamimba ndi pachifuwa. Fumbi la magalimoto ndi agalu a m'mudzi zimakupezani pa msinkhu wa nkhope.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi msewu wa M1. Mumadutsa mathiraki akuluakulu, mabasi ndi maminibasi, ndipo wapanjinga amadalira kampata ka m'mphepete. Dalaivala wa thiraki amakhala pamwamba, maso ake anazolowera kuona munthu wowongoka pa njinga. Munthu wotsamira pafupi ndi phula amabisika mosavuta kuseri kwa galimoto ina, kwa udzu wautali kapena m'nkhungu ya m'mawa ya mu June ndi July. Kumayiko komwe njingazi zimapezeka, eni ake amaika kambendera kowala pa kamtengo kaatali, magetsi ndi kalilole, chifukwa kucheuka utatsamira n'kovuta. Ngati mungaigule, zimenezi si zokongoletsera, muyenera kukhala nazo pamodzi ndi chipewa choteteza mutu.

Nanga katundu? Pakhomo la kumudzi njinga ndi ngolo, ndi basi, ndi ambulansi. Imanyamula matumba a kachewere ndi kabichi kupita ku msika, mayi ndi mwana kupita kuchipatala, chigubu cha madzi, nthawi zina mbuzi. N'chifukwa chake njinga ya Buffalo, yomwe bungwe la World Bicycle Relief limagawa ndi kugulitsa m'dziko muno, anaipanga moti pakaliyala pangakwere katundu wa makilogalamu 100. Njinga zambiri zotsamira anazipangira munthu mmodzi ndi tizikwama ta paulendo. Kumbuyo kwa mpando kulibe malo oti wamkulu akhalepo. Kabaza ndiye iwalani.

Ikawonongeka, makanika wa pansi pa mtengo pa Linthipe adzaiyang'ana kawiri. Mabuleki, magiya ndi masipoko akhoza kukonza, pakuti n'zofanana ndi za njinga zina zamakono. Koma tcheni cha njinga yotsamira ndi chachitali, chimafuna matcheni wamba awiri kapena atatu olumikiza, ndipo chimadutsa m'timagudumu ndi m'timapaipi tomwe simungatipeze m'sitolo ya pafupi. Mpando ukathyoka, wina wofanana nawo muuitanitsa kunja. Ena amati owotcherera athu akhoza kudula njinga ziwiri zakale n'kupanga imodzi yotsamira. N'zotheka ndithu, luso lilipo. Koma felemu yowotcherera mongoyerekeza ikathyokera pamtsetse, wovulala ndi bambo aja mumafuna kuwathandiza.

Ndiye ikuyenera ndani?

Maganizo anga ndi awa. Ngati pakhomo panu pakufunika njinga imodzi yogwira ntchito zonse, iyi si yanu. Ngati ndinu wodzipereka pa zaumoyo ndipo mumayendera midzi ingapo ya m'mapiri mutanyamula kaundula, mankhwala ndi sikelo, iyi idzakuchedwetsani, ndipo tsiku lomwe mudzapeze mwana wodwala kwambiri mudzasowa pomukweza ndi mayi ake.

Koma alipo anthu omwe ingawabwezere ufulu woyenda. Mwachitsanzo, mphunzitsi wopuma pantchito wokhala pafupi ndi boma, komwe kuli misewu ya phula, yemwe khosi kapena manja sizimulolanso kukwera njinga wamba. Munthu yemwe miyendo ili ndi mphamvu koma amachita chizungulire kapena amapepeluka, yemwe ya matayala atatu ingamuteteze ku kugwa. Kumunsi kwa phiri, cha ku Mtakataka ndi Golomoti komwe malo ambiri ndi athyathyathya, mavuto a chitunda amachepa, ngakhale mchenga umakhalapobe. Kwa munthu yemwe miyendo siigwira ntchito, yofunika ndi njinga ya matayala atatu yopalasa ndi manja, monga zomwe bungwe la Malawi Against Physical Disabilities lakhala likupanga m'dziko muno. Imeneyo ndi ina, ndipo amakanika athu amaidziwa.

Ngati cholinga ndi kulimbitsa thupi chifukwa cha shuga kapena kuthamanga kwa magazi, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita masewero omutulutsa thukuta pang'ono kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Izi ndi mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu. Mtima sudziwa ngati mwatsamira kapena mwawongoka, umangodziwa kuti mwagwira ntchito. Kuyenda ndawala kukwera kachitunda ka kuseri kwa nyumba kumakwanira, ndipo kuno zitunda n'zaulere. Njinga yosayenda ija ili ndi malo ake kwa yemwe mawondo kapena chiuno sizimulola kuyenda, koma ayambe waonana ndi a chipatala, makamaka ngati ali ndi vuto la mtima.

Yambani ndi njinga yomwe muli nayo

Nthawi zambiri vuto silikhala mtundu wa njinga koma momwe yaikidwira. Njinga imodzi pakhomo amakwera bambo, mayi ndi mwana wa Sitandade 7, chishalo chili pamalo amodzimodzi chigulireni. Tengani sipanala muyese izi. Khalani pachishalo, wina akugwirireni njinga, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni. Mwendo uyenera kuwongoka popanda chiuno kupendekeka. Mukabweza phazi n'kuponda ndi kutsogolo kwake monga mumapalasira, bondo lidzakhala lopindika pang'ono, ndipo mpomwe pali bwino. Chishalo chotsika kwambiri chimapweteketsa mawondo, chokwera kwambiri chimagwedeza chiuno ndi msana. Chikhale chopingasa, mphuno yake isaloze kumwamba. Chikatha mpaka zitsulo kuonekera, gulani china chotambalala kumbuyo m'malo momangirirapo nsanza. Kwezani mahandulo kuti musamawerame kwambiri. Paulendo wautali muzidzuka pachishalo pafupipafupi kuti magazi ayende, ndipo muzisinthasintha kagwiridwe ka manja. Zonsezi mtengo wake sufika ngakhale pa tayala limodzi la njinga yotsamira.

Kwa inu odzipereka, mvetserani bwino munthu akamadandaula za msana, chifukwa si ululu wonse womwe umachokera ku njinga kapena ku khasu. Mutumizeni kuchipatala tsiku lomwelo ngati dzanzi la pakati pa miyendo silikutha atatsika panjinga, ngati akulephera kukodza kapena kugwira mkodzo ndi chimbudzi, kapena ngati miyendo ikufooka. Zizindikirozi zikhoza kutanthauza kuti mitsempha ya m'munsi mwa msana yapanikizika, ndipo kuchedwa kumapundula munthu. Mutumizeninso ngati ululuwo watenga masabata ambiri ndipo ukudza ndi kuwonda, kutentha thupi kapena thukuta la usiku, pakuti TB imagwiranso mafupa a msana. Chimodzimodzi ngati ululu unayamba atagwa kapena atachita ngozi. Munthu wotere mukamugulira njinga ya mpando wofewa, mwangomuchedwetsa kulandira thandizo.

Ngati a chipatala awaona bambo aja n'kunena kuti kupalasa motsamira kungawathandize, ndipo mwayesa zokonza chishalo koma sizinaphule kanthu, muyankheni m'bale wanuyo ndi mafunso. Ndi yolemera makilogalamu angati, ndipo mayi kapena mwana angathe kuinyamula kuwoloka ngalande? Magiya ake opepukitsitsa angakwere chitunda cha kwanu? Matayala ake ndi a saizi yanji, ndipo machubu ake amapezeka pa Dedza kapena mpaka ku Lilongwe, ulendo wa makilomita opitirira 80? Mpando ndi mapedulo zimasuntha kuti zigwirizane ndi kutalika kwa miyendo ya mwini wake? Muuzeni aiyese yekha pachitunda asanalipire, aime pakati, kenako ayambenso. Ikafika, bambowo aphunzirire pabwalo la mpira kwa masiku angapo asanalowe mumsewu, chifukwa ngakhale munthu wapalasa njinga zaka 40, pa iyi amayamba ngati mwana, ndipo minofu ya m'ntchafu ndi m'matako imatenga masabata kuti izolowere.

Ndipo mukumbutseni kuti m'katoni momwemo aikemo machubu anayi, tayala lapadera la kutsogolo, timagudumu ta tcheni ndi kambendera kaja.